Mzere Umodzi Umene a Zimitsani Sanalembe

Pachipatala pathu palibe amene amawaitana ndi dzina lawo lenileni. Tonse timangoti a Zimitsani. Dzinali analipata chifukwa ali ndi mankhwala amodzi okha a matenda onse a kompyuta. Ukawaimbira kuti pulinta yakana, amati, "Tazimitsani, muyatsenso." Ukati sikirini yada, yankho ndi lomwelo. Tsiku lina namwino wina anawadandaulira kuti mwamuna wake sakumulankhula, iwo maso ali pa waya, n'kumuyankha zomwezo. Chopsetsa mtima n'chakuti kawirikawiri mankhwalawo amagwira.

Ine ndine wa kulabu, kumene timayeza magazi ndi kusunga amene anthu apereka. Ndagwira nawo ntchito zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndawakalipira kuposa mmene ndakalipirira ana anga. Ndine wapakamwa, sindikana. Iwo ndi munthu wamtali, wowerama pang'ono, wofatsa moti umalakalaka kumugwedeza. Malaya amakhala opisira nthawi zonse, pensulo ili kukhutu.

Sukulu ya makompyuta sanapiteko. Anabwera pano ngati wonyamula odwala pamachira. Chaka chimene amisiri anabwera kudzaika makompyuta, iwo ndi amene ankawagwirira makwerero, uku akufunsa mafunso mpaka amisiriwo kutopa nawo. Amisiri atapita, chinthu chikavuta anthu ankangoti, "Itanani uja ankawatsata uja." Pang'ono ndi pang'ono machira anawasiyira ena, n'kupatsidwa kachipinda kopanda zenera kuseri kwa famase, momwe kale tinkasungamo ndowa ndi matsache. Mmenemo ndi mmene mumakhala seva, kompyuta yaikulu yosunga kaundula wa chipatala chonse: mayina a odwala, mankhwala amene analandira, zotsatira za kulabu, komanso mndandanda wa anthu opereka magazi ndi manambala awo a foni.

Chifukwa chosowa pepala la sukulu, a Zimitsani amagwira ntchito ngati munthu amene akudikira kugwidwa. Salemba kanthu pa seva asanakalembe m'kope ndi pensulo. Amalemba masitepe onse, mzere ndi mzere, ndipo akamaliza sitepe amachonga pambali. Makope amenewa adzaza kabati yonse kunyumba kwawo. Akazi awo, amene amasoka mayunifomu a ana asukulu pakhonde, anandiuza kuti bamboyu amawerenga kope ngakhale akudya. Ana awo aakazi atatu amati mwana woyamba wa adadi ndi seva, iwo ndi otsatira chabe.

Chaka chatha disiki ya seva inadzaza. A Zimitsani anapempha yatsopano kwa miyezi isanu, ndipo itabwera anasankha Loweruka masana, odwala akachepa, kuti asamutse kaundula. Anaimitsa pulogalamu ya kaundula, analumikiza disiki yatsopano, anakoperamo mafayilo onse, n'kusintha malangizo kuti pulogalamuyo idziwe foda imene kaundula wasamukira. Atayatsa, zonse zinayenda. Anadikira milungu iwiri kuti aone ngati patuluke vuto. Pataoneka kuti palibe, anafufuta kaundula wakale uja kuti disiki yakale ipume.

Lolemba lake anabwera kulabu kudzandionetsa kope. Mizere makumi awiri ndi itatu, yonse yochongedwa.

"Ndiye mukufuna ndikuombereni m'manja?" ndinawafunsa.

"Ayi achemwali, ndimangoti muone," anatero, akumwetulira ngati wapambana mayeso.

Patatha mwezi, Lachiwiri lina m'mawa, magetsi anazima cha m'ma 8 koloko. Batire la seva linali litakalamba, silinathe kudikira jenereta. Seva inazima, n'kuyakanso yokha jenereta italira. Alembi a pakhomo lolandirira odwala anaona kuti mayina a odwala akale sakutuluka. Kodi mukuganiza anaitana a Zimitsani? Ayi. Paja a Zimitsani omwewo anawaphunzitsa mankhwala ake. Anazimitsa makompyuta awo, kuyatsanso, kuzimitsa, kuyatsanso, ndipo atatopa anayamba kulemba odwala onse ngati atsopano. Maola awiri anatha choncho, mwini wake ali kuwodi ya ana akukonza soketi, osadziwa kanthu.

M'mawa womwewo kunabwera mayi wina wa zaka makumi awiri ndi zinayi, mimba yoyamba. Anabereka mwana wamkazi bwinobwino, koma magazi sanasiye kutuluka. Nditayeza ndinapeza kuti gulu lake ndi O negetivu, gulu losowa, ndipo munthu wotere salandira magazi a gulu lina lililonse. Mufiriji ndinali ndi mapaketi awiri okha. Ndinapereka onse. Itangokwana 10 koloko adokotala anaimba ali kufiyeta, kochitira opaleshoni.

"Ndikufuna ena anayi. Mwamsanga."

"Atha, adokotala."

"Itanani anthu anu."

Ambulansi inanyamuka kupita kunkhokwe yaikulu ya magazi, koma kumeneko ndi maola atatu kupita kokha. Chiyembekezo chinali pa anthu asanu ndi mmodzi a m'tauni mwathu amene ali ndi gulu limeneli, omwe anavomera kuti tiziwaimbira zikavuta. Ndinatsegula mndandanda wawo pa kompyuta. Tsamba linatuluka loyera, mitu yokha pamwamba: dzina, gulu, foni. Pansi pake panalibe kanthu.

Ndinakoka buku lakale la opereka magazi pansi pa kabati. Ndinasiya kulembamo zaka zinayi zapitazo, ndipo ndine ndemwe ndinanena pamsonkhano kuti kulemba kawiri ndi ntchito ya anthu osowa chochita. Munali mayina awiri a gululo. Mmodzi ndinali kumaliro ake. Nditaimbira winayo, foni inandiuza kuti nambalayo kulibe.

Ndinathamanga. Pakati pa labu ndi kachipinda ka seva pali khonde lalitali lodutsa pakhomo la fiyeta. Pabenchi pamenepo panakhala mwamuna wa mayi uja, mnyamata wa ovolosi ya buluu yothimbirira girisi, atakumbatira thumba la zovala za mwana. Anaimirira atandiona. Ndinamudutsa osamuyang'ana.

A Zimitsani ndinakumana nawo pakhomo la kachipinda kawo.

"Opereka magazi asowa. Onse. Munthu akutha magazi kufiyeta."

"Asowa bwanji?"

"Mukufunsa ine?"

Anakhala pampando n'kutsegula sikirini yakuda ija imene amalembapo malamulo. Ine ndinaima kumbuyo kwawo, pakati pa khoma ndi kabati ya mawaya, malo osakwana ngakhale kutembenuka. Anafunsa seva ngati pulogalamu ya kaundula ikuyenda. Inayankha ndi mawu obiriwira kuti ikuyenda. Anatsegula fayilo imene pulogalamu imalembamo madandaulo ake. Munalibe dandaulo ngakhale limodzi.

"Ikuti ili bwino," anatero motsitsa mawu.

"Ili bwino bwanji pamene mulibe anthu?"

Anatsegula fayilo ya malangizo, n'kuika chala pa sikirini, kuwerenga dzina la foda chilembo ndi chilembo, kufananiza ndi za m'kope. Zinali zofanana. Analowa mu fodayo. Mafayilo analimo, mayina ake omwewo, umwini wake wolondola. Koma anali ang'onoang'ono, ndipo onse anali ndi deti la tsiku lomwelo, nthawi ya 8:14 m'mawa. Kaundula wa zaka khumi ndi zinayi anali atasanduka kaundula wa maola awiri.

Ndinaona khosi lawo likuchita thukuta. Pa zaka zonsezi ndinali ndisanawaonepo akuopa chonchi, ndipo mantha awo anandiopsa kuposa tsamba loyera lija.

"Bakapu," ndinatero. "Si mumati usiku uliwonse imadzikopera yokha?"

Anagwedeza mutu, n'kutsegula disiki ya bakapu, kabokosi kakuda kamene kamakhala pamwamba pa seva. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anavula magalasi.

"Achemwali, bakapu imakopera ku foda yakale."

"Ndiye?"

"Foda yakale ndinafufuta. Sindinaiuze kuti tasamuka. Yakhala ikukopera foda yopanda kanthu, n'kufafaniza zomwe inali nazo."

Ndinafuna kuwatukwana, ndipo mawu ake ndinali nawo okonzeka. Foni yanga inalira. Anali namwino wa kufiyeta.

"Paketi yachiwiri yatsala theka. BP ikutsika. Mwapeza munthu?"

"Tikufufuza."

"Mukufufuza kuti?"

Ndinadula foni. Nthawi inali 10:40.

A Zimitsani anadzuka, anathamangira kwa alembi kukawauza kuti asiye kulemba chilichonse, kuopa kuti zatsopano zingakwirire zakale ngati zikadalipo penapake. Anabwerera akuthamanga. Anakumbukira kuti kope la chaka chomwe seva inaikidwa lili kunyumba, anathamangiranso kunyumba za ogwira ntchito kuseri kwa mpanda. Munthu wa zaka makumi asanu, nsapato zachikopa, akudutsa pakhonde paja kanayi konse, malaya atasolokoka. Mwamuna uja ankaimirira nthawi iliyonse akamadutsa, n'kukhalanso.

Ine ndinaimbira aliyense amene ndinamuganizira. Ndinayeza anamwino awiri amene sankadziwa gulu lawo, ndi mlonda wa pageti, ndi mwamuna yemweyo. Palibe amene magazi ake anagwirizana ndi a mayi uja. Pomubaya chala mwamunayo anandifunsa kuti, "Amayi, ali bwanji?" Ndinamuuza kuti adokotala akuyesetsa. Ndinachita manyazi ndi mawu anga omwe.

Nditabwerera kukachipinda ndinawapeza atatsegula makope awiri pamiyendo. Ankayankhula okha.

"Palibe amene wafufuta. Kufufuta kumasiya chizindikiro. Kaundula wamkulu choncho sangathe pa mphindi imodzi." Kenako anati, "Ngati wafufutika, malo ayenera kutsala ambiri."

Analemba lamulo lofunsa seva kuti disiki iliyonse yatsala ndi malo ochuluka bwanji. Panatuluka kamndandanda kakafupi. Anakawerenga, n'kukawerenganso, chala chili pa sikirini.

"Palibe."

"Palibe chiyani?"

"Disiki yatsopano palibe pamndandanda. Seva sikuiona."

Anandifotokozera pambuyo pake, tsiku lina, ndipo ndinamva motere. Disiki yatsopano siingoyamba yokha kugwira ntchito. Umayenera kuiuza seva kuti zonse za pa disiki iyi uzizionetsa pa foda yakutiyakuti. Ukaiuza polemba lamulo pa kiyibodi, imamvera mpaka tsiku limene idzazime. Kuti izikumbukira ikayakanso, umayenera kulemba mzere umodzi mu fayilo ina imene seva imawerenga poyaka. Mzere umenewo munalibe. Choncho m'mawa uja seva inayaka osalumikiza disikiyo, foda inaoneka yopanda kanthu, ndipo pulogalamu, poganiza kuti ndi tsiku lake loyamba pantchito, inadzikonzera kaundula watsopano wopanda dzina ngakhale limodzi. N'chifukwa chake sinadandaule.

Anatsegula kope la tsiku losamutsa. Mzere wachisanu ndi chinayi unali womwewo, wolembedwa bwino, wochongedwa.

"Ndinachonga," anatero. "Ndinachonga koma sindinalembe."

Anakumbukira pomwepo. Loweruka lija, atafika pa mzere umenewo, mlonda anagogoda kuti pageti pafika galimoto ndi bambo wonenepa amene wakomoka, ndipo onyamula machira palibe. Mpaka lero anthu akasowa wonyamula amathamangira kwa iwo, ndipo iwo sadziwa kukana. Podzuka anachonga mzerewo kuti asaiwale pamene alekezera. Pobwera anaona chochonga, n'kupitiriza ndi mzere wakhumi.

"Ndiye zinthu zilipo?" ndinafunsa.

"Ngati disiki sinapse ndi magetsi."

Anaimitsa pulogalamu. Analemba lamulo lolumikiza disiki m'kope kaye, ngakhale pa nthawi ngati imeneyo, ndipo ndinatsala pang'ono kuwalanda pensulo. Analikopera pa kiyibodi, analakwitsa chilembo, anafufuta, analembanso. Atadina, seva sinanene kanthu. Analowa mu foda ija. Mafayilo akuluakulu anatuluka, madeti a zaka zambuyo, mzere pamwamba pa mzere. Ndinagwira phewa lawo osadziwa kuti ndaligwira.

Anayatsa pulogalamu. Sinayake. Inalemba kuti inazimitsidwa mwadzidzidzi ndipo ikuyamba yakonza zimene zinasokonekera. Pansi pake panali nambala imene inkakwera pang'onopang'ono: 3, kenako 4, kenako n'kuima.

"Itenga nthawi yaitali bwanji?"

"Sindikudziwa."

Foni inaliranso. Paketi yachiwiri yatha, akumupatsa madzi okha. Nambala inali pa 11, osasuntha. Ndinatambasula dzanja kulunjika pa batani la seva.

"Tazimitsani muyatsenso, mwina yajema."

Anandigwira pamkono mwamphamvu moti panatsala zala.

"Musakhudze. Mukaizimitsa pano, tiwononga zonse."

Tinakhala choncho, iwo atandigwira, tonse tikuyang'ana nambala. M'kachipindamo munkangomveka mafani a seva ndi kupuma kwathu. Ndinapemphera, koma sindikukumbukira kuti ndinati chiyani. Ndinkaopa kuti disiki ifa pakati panjira, ndinkaopa foni, ndinkaopa khonde lija. Zinatenga mphindi khumi ndi zinayi.

Nthawi ya 11:25 mayina asanu ndi limodzi anatuluka pa sikirini. Sindinapite kulabu, ndinaimba nditaima pomwepo, iwo akundiwerengera manambala. Woyamba sanayankhe. Wachiwiri anali paulendo kutali. Wachitatu, mphunzitsi, anati ali ndi pakati. Wachinayi anali kalipentala wa kumsika, amene anangoti, "Ndikubwera," makina ocheka matabwa akulira kumbuyo kwake. Wachisanu anati anyamuka akatseka shopu, ndinamukalipira mpaka anati akunyamuka pompo.

Kalipentala anafika pa njinga yamoto nthawi ya 11:50, utuchi uli m'tsitsi. Ndinamugoneka, ndinamubaya, magazi anayamba kuyenda. A Zimitsani anaima pakhomo la labu, sanalowe ndipo sanachoke. Paketi inadzaza. Magazi saperekedwa osayezedwa matenda, ngakhale zitavuta bwanji, ndipo kuyezako kuli ndi mphindi zake zimene sungazifupikitse. Ndinali nditaika madontho pa timapepala toyezera, ndikuyang'ana wotchi, pamene foni inalira.

"Basi, musavutikenso," anatero namwino. "Watisiya 12:22."

Kalipentala anali akumwa madzi a shuga pabedi paja, thonje lili pamkono. "Ndiye lero magazi anga apita kwa ndani?" anafunsa mosangalala. Ndinamuuza kuti apume kaye mphindi khumi asanadzuke.

A Zimitsani anadikira adokotala pakhomo la chipinda chosinthira zovala. Ndinali pafupi, ndinamva.

"Adokotala, magazi akanabwera ola limodzi m'mbuyo, akanakhala moyo?"

Adokotala anali atatopa, maso ofiira. "Anataya ambiri. Sindinganene."

"Koma mwina?"

"Sindinganene, a Zimitsani."

A Zimitsani anapita okha kwa mkulu wa chipatala, kope lili m'manja, n'kuwaonetsa mzere wachisanu ndi chinayi. Mkuluyo anamvetsera, sindikudziwa ngati anamva zonse, ndipo anati lipoti linena za magetsi ndi batire lakale, chifukwa zimenezonso n'zoona. Anawauza kuti abwerere kuntchito.

Ntchito inalipodi. Odwala onse amene alembi analemba m'mawa uja analowa mu kaundula wopanda kanthu uja, osati mu weniweni. Anayenera kulembedwanso. A Zimitsani anati alemba okha, popeza alembi anali ndi mzere wa odwala a masana. Anakhala pa desiki ya pakona kuchipinda cholandirira odwala, mulu wa makadi uli pambali. Ambiri anali ndi makadi okwanira. Khadi la mayi uja linapita naye kufiyeta lisanamalizidwe, ndipo popanda kumulemba mu kaundula, kalata yotulutsira thupi sikanatuluka, ngakhalenso ya kubadwa kwa mwana. Panafunika kufunsanso mwamuna wake.

Ndinamubweretsa ndine. Anali atasiya kulira, akungoyenda kumene wauzidwa, thumba lija likadali m'manja. Anakhala moyang'anana ndi a Zimitsani.

"Dzina la mayi," anatero a Zimitsani, maso ali pa kiyibodi.

Anatchula. Anatchula tsiku lobadwa, kumene amakhala, dzina la amayi ake a malemuyo amene anali asanauzidwe. A Zimitsani ankalemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono. Nthawi yofika, 7:50. Gulu la magazi. Nthawi yomwalira ndinawauza ine. Kenako anatsegula tsamba la mwana: wamkazi, makilogalamu atatu ndi magalamu zana limodzi.

"Dzina la mwana?"

"Tinati tikamuona kaye," anatero mwamunayo. "Amayi ake ndi amene anali ndi mayina."

"Tisiya posalemba. Mudzatiuza."

Pulinta inatulutsa makalata awiri aja. Mwamunayo anawapinda mosamala n'kuwaika m'thumba la zovala za mwana. Anaimirira, koma sanachoke. Anayang'ana a Zimitsani, malaya osolokoka aja, nsapato zamatope.

"Bambo, ndinu amene mumathamanga pakhonde paja?"

"Ndine."

"Ndimakuonani. Munthu wamkulu ngati inu kuthamanga chonchija chifukwa cha mkazi wanga, osamudziwa n'komwe." Anatambasula manja onse awiri n'kugwira dzanja lawo. "Ndilibe choti ndikupatseni. Zikomo kwambiri. Mulungu akudalitseni."

A Zimitsani anatsegula pakamwa. Ndinaona kuti akufuna kumuuza, ndipo ndinachita mantha kuti amuuza, ndinachitanso mantha kuti samuuza. Mwamunayo anali akugwedezabe dzanja lawo.

"Pepani," anatero a Zimitsani. "Pepani kwambiri, achimwene."

"Ayi bambo, inu munayesetsa," anatero mwamunayo, ndipo anafunsa njira ya kuwodi ya makanda.